Sir Thomas Fowell Buxton, 1786–1845

Ku Britain kuli ulemu wotchedwa baronet, umene Mfumu James I inaukhazikitsa m'chaka cha 1611. Wopatsidwa ulemuwu amatchulidwa Sir, ndipo akamwalira dzinalo limapita kwa mwana wake wamwamuna wamkulu. Pakati pa Achewa mphwa ndiye amalowa dzina la malume ake. Kwa Angerezi dzina lotere limatsata mzere wa bambo, ana aakazi nalumphidwa. Choncho mabuku a mibadwo ya mabanja amenewa amasunga amuna olowa dzina, koma kawirikawiri satchula onse amene anagwira ntchito yomwe inabweretsa dzinalo. Moyo wa Buxton ndi chitsanzo.

Thomas Fowell Buxton anabadwa pa 1 Epulo 1786 m'chigawo cha Essex. Bambo ake anamwalira iye akali mwana, ndipo analeredwa ndi mayi ake, a mpingo wa Quaker. Ataphunzira ku Trinity College mumzinda wa Dublin, anakwatira Hannah Gurney m'chaka cha 1807. Hannah anali mng'ono wake wa Elizabeth Fry, mayi amene anadziwika polimbana ndi nkhanza za m'ndende. Buxton anagwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Truman ku London, kenaka mu 1818 anthu a ku Weymouth anamusankha kukhala phungu wa nyumba ya malamulo. Mu 1820 ana ake anayi anamwalira motsatizana m'masabata ochepa.

William Wilberforce atakalamba, anapempha Buxton kuti atsogolere nkhondo yothetsa ukapolo m'maiko olamulidwa ndi Britain. Mu 1823 Buxton anapereka nkhaniyi m'nyumba ya malamulo, koma panapita zaka khumi lamulo lisanavomerezedwe mu 1833. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 1834. Komabe lamulolo linali ndi chilema chachikulu: eni akapolo analipidwa mapaundi 20 miliyoni, omasulidwawo osalandira kanthu, ndipo anakakamizidwa kugwirirabe ntchito ambuye awo akale kufikira 1838. Buxton anavomera zimenezi poopa kuti lamulo lonse lingakanidwe, ndipo anzake ena anamudzudzula kwambiri.

M'zaka zonsezi mwana wake wamkazi, Priscilla, ndiye anali mlembi wake. Ankasanja umboni, kukonza makalata ndi kuthandiza kulemba zimene bambo ake ankakalankhula. Mu 1833 anali mmodzi wa otsogolera pempho la amayi lokana ukapolo, limene linasainidwa ndi amayi pafupifupi 187,000. Ukwati wake unachitika pa tsiku lomwelo limene lamulo linayamba kugwira ntchito.

Buxton atagonja pa chisankho cha 1837, anatembenukira ku malonda a akapolo a mu Africa. M'buku lake The African Slave Trade and Its Remedy anafotokoza kuti malondawo adzatha pokhapokha ulimi, malonda oyenera ndi Chikhristu zitakhazikika. Mu 1840 Mfumukazi Victoria inamupatsa ulemu wa baronet. M'chaka chomwecho, pa msonkhano waukulu wa ku Exeter Hall mu London, pakati pa omvera panali mnyamata wina dzina lake David Livingstone, amene anadzafika ku Tete mu 1856 atanyamula maganizo omwewo.

Ulendo wa ku mtsinje wa Niger wa 1841, umene Buxton anaulimbikitsa, unalephera chifukwa malungo anapha ambiri mwa Azungu a paulendowo. Zimenezi zinamusweka mtima, thanzi lake linafooka, ndipo anamwalira pa 19 Febuluwale 1845 ku Northrepps m'chigawo cha Norfolk.

Dzina la baronet linapita kwa mwana wake Edward, kenaka kwa mdzukulu wake Thomas Fowell, amene anadzakhala bwanamkubwa wa South Australia kuyambira 1895. Priscilla, amene anali wamkulu kwa Edward, sanali mumzere wolowa dzinalo, pakuti malamulo a ulemuwo salola mwana wamkazi kulilowa.