Constantine Walter Benson

Constantine Walter Benson anali katswiri wa mbalame wochokera ku England amene anagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, kwa zaka 20. Anabadwa pa 2 Febuluwale 1909 ndipo anamwalira pa 21 Seputembala 1982. Anzake ankamutchula kuti Con Benson. Amadziwika kwambiri chifukwa cha mabuku amene analembamo mitundu ya mbalame za m'Malawi ndi Zambia, malo amene zimapezeka ndiponso nyengo imene zimaswana. Kwa zaka zambiri, oonera mbalame ku Dedza, Dzalanyama, Nyika, Zomba ndi kunyanja ya Chilwa ankadalira mabuku akewo.

Ubwana ndi maphunziro

Benson anabadwira m'mudzi wa Trull, pafupi ndi tauni ya Taunton, m'chigawo cha Somerset ku England. Anaphunzira pasukulu ya Eton, kenaka anapita ku Magdalene College, payunivesite ya Cambridge. M'chaka cha 1932 analowa ntchito m'boma la atsamunda ndipo anamutumiza ku Nyasaland.

Ntchito yake ku Nyasaland

Benson sanabwere kudzafufuza za mbalame. Ntchito imene ankalipidwa inali ya ulamuliro m'maboma, ndipo akuluakulu a ntchito imeneyi ankayenda maulendo ataliatali m'midzi, nthawi zambiri wapansi. Maulendowo ndiwo anamupatsa mpata wofika m'mapiri, m'madambo ndi m'nkhalango zimene akatswiri a mbalame anali asanazifufuze mokwanira.

Pamene ankafika, buku lalikulu la mbalame za dziko lino linali The Birds of Nyasaland, limene Charles Belcher, woweruza milandu, anatulutsa m'chaka cha 1930. Benson anapitiriza pamene Belcher analekezera, makamaka m'chigawo cha kumpoto. Zimene anapeza anazisindikiza m'magazini ya akatswiri a mbalame ya ku Britain yotchedwa Ibis.

Masiku amenewo kunalibe mabuku a zithunzi oyenda nawo m'thumba kapena zipangizo zopepuka zojambulira kulira kwa mbalame. Kuti katswiri atsimikize mtundu wa mbalame, ankaiwombera ndi mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono, n'kusenda chikopa chake pamodzi ndi nthenga, n'kuchiumitsa. Pachikopa chilichonse ankamangirirapo kapepala kolembedwa tsiku ndi malo. Zikopazo ankazitumiza kunyumba zosungiramo zinthu zachilengedwe, monga ya ku London, kuti akaziyerekeze ndi zina. Njira imeneyi lero amaigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo komanso ndi chilolezo, koma zikopa za nthawi imeneyo ndi umboni wodalirika wa mbalame zimene zinkapezeka pamalo ena ake zaka 80 kapena 90 zapitazo.

M'chaka cha 1938 kambalame ka pansi pa nkhalango zowirira za m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay kanapatsidwa dzina la sayansi lakuti Sheppardia gunningi bensoni pomulemekeza.

Jali Makawa

Mbiri ya Benson siingafotokozedwe popanda Jali Makawa, Mlomwe amene anabadwira ku Mozambique cha m'ma 1914 ndipo banja lake linasamukira ku Nyasaland. Makawa anayamba kugwira ntchito kwa Benson ali mnyamata, ndipo posakhalitsa luso lake pa mbalame linaonekera. Ankazindikira mbalame pongomva kulira kwake, ankatha kutsanzira kulirako, komanso ankadziwa kukonza zikopa. Anthu awiriwa anagwirira ntchito limodzi kwa zaka pafupifupi 30.

Mbalame zina zimene Benson anazifotokoza koyamba m'mabuku a sayansi anazipeza ndi Makawa. M'chaka cha 1945 Makawa anakwera mapiri a Njesi m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndipo anabwerako ndi kambalame ka mlomo wautali kamene lero kamatchedwa Artisornis sousae. M'chaka cha 1964 anapeza kambalame kena ku Mayau, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, kamene Benson ndi Michael Irwin anakatcha Pogoniulus makawai. Kambalameka sikanapezekenso kwina kulikonse, ndipo akatswiri ena tsopano amakaona ngati ka m'gulu la mtundu wina wodziwika kale. Makawa anamwalira m'chaka cha 1995. Nancy Jacobs, wolemba mbiri wa ku America, anafotokoza za moyo wake m'buku la Birders of Africa la m'chaka cha 2016, posonyeza kuti sayansi ya mbalame mu Africa inadalira kwambiri nzeru za eni nthaka, amene mayina awo sankalembedwa pachikuto cha mabuku.

Kunja kwa Nyasaland

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Benson anatumizidwa kum'mwera kwa Ethiopia. Kumeneko anapeza mtundu wa namzeze wa mchira woyera umene unali usanalembedwe, ndipo m'chaka cha 1942 anautcha Hirundo megaensis potengera dzina la tauni ya Mega.

M'chaka cha 1952 anasamukira ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, n'kuyamba ntchito kunthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire. M'chaka cha 1958 anatsogolera ulendo wokafufuza mbalame kuzilumba za Comoro, umene bungwe la British Ornithologists' Union linakonza pokondwerera kuti latha zaka 100. Paulendowo panapezeka kadzidzi wamng'ono wa paphiri la Karthala, Otus pauliani, ndi kambalame ka pachilumba cha Mohéli kamene anakatcha Nesillas mariae polemekeza mkazi wake, Florence Mary Benson.

Mabuku ake

Buku lake loyamba la mbalame za dziko lino, A Check List of the Birds of Nyasaland, linatuluka m'chaka cha 1953. M'chaka cha 1957 iye ndi Charles White analemba mndandanda wofanana nawo wa mbalame za ku Northern Rhodesia. The Birds of Zambia, limene analemba pamodzi ndi Richard Brooke, Robert Dowsett ndi Michael Irwin, linatuluka m'chaka cha 1971. M'chaka cha 1977 iye ndi mkazi wake anatulutsa The Birds of Malawi, limene linasindikizidwa ku Montfort Press ku Limbe.

Mabukuwa si ofotokoza maonekedwe a mbalame. Pa mtundu uliwonse amatchula malo amene unapezeka, kutalika kwa malowo kuchokera pamene pali nyanja yamchere, mtundu wa tchire ndi miyezi yoikira mazira. Phunziro lalikulu limene limaoneka m'mabukuwa ndi lakuti mbalame zimatsata malo: ya m'nkhalango yowirira ya pamwamba pa phiri siikhala m'miombo, ndipo ya m'miombo siikhala m'dambo.

Mapiri a Dedza ndi malo ena oonerako mbalame

Phunziro limeneli limaoneka bwino ku Dedza, kumene malo osiyanasiyana ali moyandikana. Phiri la Dedza ndi lalitali mamita 2,198. Pamwamba pake ndi pamapiri ena a m'derali, monga Chongoni, pali tizigawo ta nkhalango yobiriwira chaka chonse, mokhala nkhulukulu ndi mbalame zina za m'mapiri. Munsi mwake muli miombo ndi misuku, matanthwe, madambo komanso minda ya mitengo ya paini, imene imakhala ndi mbalame zochepa poyerekeza ndi nkhalango yachilengedwe. Kum'mawa nthaka imatsetsereka mpaka kuchigwa cha nyanja ya Malawi, kumene kumamveka nkhwazi. Chakumadzulo kuli nkhalango ya Dzalanyama, yomwe alendo oonera mbalame amaidziwa chifukwa cha mbalame za m'miombo zovuta kuzipeza kwina, monga yogogoda mitengo yotchedwa Dendropicos stierlingi ndi ya m'matanthwe yotchedwa Pinarornis plumosus.

Malo ena otchuka m'Malawi nawonso amatsata mgawidwe womwewu. Ku Nyika kuli mbalame za m'udzu wa pamwamba pa mapiri. Ku Zomba ndi ku Mulanje kuli kambalame ka pakhosi pachikasu, Apalis flavigularis, kamene sikapezeka m'dziko lina lililonse. Ku Liwonde ndi ku Lengwe kuli mbalame za m'zigwa zotentha, pamene nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh ndi kwawo kwa akakowa, atsekwe ndi mbalame zina za m'madzi. Chilwa inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar m'chaka cha 1996, ndipo Elephant Marsh inalowa mu 2017.

Zaka zomaliza ndi imfa

Benson anapuma pantchito ya boma m'chaka cha 1965, ndipo chaka chomwecho analandira ulemu wa OBE. Anabwerera ku England n'kukakhala ku Cambridge, kumene anadzipereka kusanja ndi kulemba zikopa za mbalame zosungidwa kunyumba ya zinyama ya yunivesiteyo. Anamwalira ali ndi zaka 73. Mbalame ya m'matanthwe a ku Madagascar inapatsidwa dzina lakuti Monticola bensoni iye adakali moyo, m'chaka cha 1971.

Kufunika kwa ntchito yake lero

M'chaka cha 2006 Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa buku latsopano la mbalame za m'Malawi, lokhala ndi mitundu pafupifupi 650. Bukuli linalowa m'malo mwa la Benson, koma linamangidwa pa maziko a zolemba zake.

Zolembazo tsopano zikugwira ntchito ina, yoyezera zimene zatayika. Nkhalango ya paphiri la Thyolo, imene m'masiku a Benson inali malo odziwika a mbalame za m'mapiri, inadulidwa pafupifupi yonse n'kusanduka minda. Ku Dzalanyama, kumene kumachokera madzi akumwa a mumzinda wa Lilongwe, kuotcha makala kunafika poti m'chaka cha 2015 boma linatumizako asilikali. Wofufuza akafika paphiri ngati la Dedza kapena Chongoni lero, amayerekeza zimene waona ndi kumva ndi zimene zinalembedwa kale, ndipo potero amadziwa mbalame zimene zatsala ndi zimene zasowa.