Storey: Dotolo wa mbewu yemwe adalimbana ndi khate la chinangwa

Aliyense yemwe adaimapo pa Jenda kapena mumsika wa paboma la Mzimba akudziwa momwe chinangwa chimayendera malonda. Ana asukulu amachikukuta chachiwisi, amayi amachiphika kuti chilowe m'malo mwa buledi pa tiyi wam'mawa, ndipo chimanga chikatha m'nkhokwe, chinangwa chomwechi, chimene kumeneko amati vikhawu, ndicho chimaimika banja mpaka zam'munda zitacha.

Koma mbewu yopirira chilalayi ili ndi adani awiri oopsa. Woyamba ndi khate, lomwe limapiringiza masamba ndi kuwapatsa mawanga achikasu, mtengo n'kupinimbira osabereka mokwanira. Wachiwiri ndi matenda oola mizu, omwe Azungu amati brown streak. Awa ngachinyengo chifukwa mtengo umaoneka bwinobwino, koma mlimi akazula n'kudula chinangwacho amapeza m'kati muli zouma zabulawuni zosadyeka.

Munthu woyamba kulongosola matenda achiwiriwa, yemwenso adayambitsa ntchito yofunafuna chinangwa chopirira ku matenda onse awiri, adali Harold Haydon Storey. Dzina lakeli silimveka m'midzi mwathu, komatu thukuta lake likadadyetsabe anthu miyandamiyanda mu Africa.

Storey adabadwira ku England m'chaka cha 1894. Mwamwayi wake, chaka chomwecho ndi pomwe katswiri wa ku Germany, Otto Warburg, adalemba koyamba za khate la chinangwa m'dera lomwe lero ndi Tanzania. Palibe adadziwa kuti khanda lobadwa chaka chimenecho ndilo lidzalimbane ndi nthendayo.

Atamaliza maphunziro a zomera pa yunivesite ya Cambridge, Storey adapita kukagwira ntchito ku Durban, m'dziko la South Africa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Kumeneko alimi ankadandaula ndi matenda omwe amalemba timizere toyera m'masamba a chimanga. Mkuluyu adapeza kuti matendawo amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi, ndipo yemwe amakanyamula kuchoka pa phesi lina kupita pa linzake ndi kachiwala kakang'ono kodumphadumpha kotchedwa Cicadulina mbila. M'chaka cha 1928, iye ndi mnzake Averil Bottomley adaonetsanso kuti kadukutu wa mtedza amafala kudzera mu nsabwe za m'mbewu.

Chaka chomwecho cha 1928 adasamukira ku Amani, m'mapiri a Usambara kumpoto chakum'mawa kwa Tanganyika. Awa adali malo a kafukufuku wa zaulimi, monga momwe ilili siteshoni ya Mbawa kufupi ndi Embangweni, kungoti Amani, yomwe adaitsekula ndi Majeremani mu 1902, panthawiyi inkatumikira maiko angapo a chigawo chino, kuphatikizapo Nyasaland.

N'chifukwa chake Storey adakhudzidwanso ndi vuto lina la dziko lino. M'minda ya tiyi ya kummwera, masamba ankasanduka achikasu, zitsamba n'kumafa. Mogwirizana ndi Robert Leach, katswiri wa boma la Nyasaland, adapeza kuti vuto silidali kachilombo ayi, koma kuchepa kwa mchere wa salufa m'nthaka. Zotsatira zawo zidatuluka mu 1933 ndipo feteleza wokhala ndi mcherewu adathetsa vutolo.

Ali ku Amani komweko, Storey adapitiriza kuweta tiziwala take tija ndipo adaona chodabwitsa. Tina tinkafalitsa matenda a chimanga, pomwe tina, ngakhale tidye phesi lodwala, sitinkafalitsa. Atatikwatitsa, adapeza mu 1932 kuti khalidweli n'lotengera kumakolo. Chaka chotsatira adatenga kasingano kakang'ono n'kuboola matumbo a tiziwala tosafalitsa tija, ndipo tidayamba kufalitsa. Apa zidadziwika kuti chotchinga kachilombo chidali khungu la m'matumbo.

Phunziro lake lidali lalikulu: mphamvu yolandira kapena yokana kachilombo imayenda m'mtundu, monga momwe mwana amatengera msinkhu wa bambo ake. Akatswiri amati zotengera zoterezi zimasungidwa m'tinthu ting'onoting'ono ta m'thupi totchedwa ma gene. Ngati zili choncho ndi kachiwala, bwanji chinangwa?

Mu 1935 Storey adayambitsa ntchito yofunafuna chinangwa chopirira ku khate. Mu 1936 adalemba koyamba za matenda oola mizu, omwe adawaona m'munsi mwa mapiri a Usambara. Pofika 1938, iye ndi mnzake R. F. W. Nichols adatsimikiza kuti khate limafala m'njira ziwiri: kudzera mu tintchentche toyera tomwe timakhala kunsi kwa masamba, komanso kudzera m'mitengo yodwala yomwe mlimi wadula kukabzala.

Njira yachiwiriyi ndiyo gwero la vuto lonse. Mlimi akabzala mtengo wa chinangwa, chomeracho si mwana wa chinangwa chakale chija, ndi chomwechija ndithu, ndi ubwino wake komanso nthenda zake. Mtundu watsopano umatuluka pokhapokha maluwa a mitengo iwiri akakwatitsidwa, njere n'kufesedwa. Njere iliyonse imatuluka ndi khalidwe lakelake, ndipo katswiri amayenera kudikira pafupifupi chaka chathunthu kuti aone chomwe chabereka pansi.

Akatswiri a ku Amani adaitanitsa mitundu ya chinangwa kuchokera ku Brazil, Java, Madagascar ndi maiko ena, koma padalibe womwe udakana khate mokhutiritsa. Apa m'pomwe maso awo adagwera pa mtengo wina wachibale wa chinangwa, Manihot glaziovii, womwe Azungu adaubweretsa mu Africa kuchokera ku Brazil pofuna utomoni wopangira labala. Ndi mtengo womwe uja kuno ena amautcha mpira ndipo amathyolako masamba kuphika chigwada. Sugonja msanga ku khate, koma vuto lake n'lakuti subereka chinangwa chodyedwa.

Kuyambira mu 1937, Nichols, pansi pa utsogoleri wa Storey, adayamba kukwatitsa chinangwa ndi mtengowu. Ana oyamba adatuluka olimba koma mizu yawo idali ngati nkhuni. Adawakwatitsanso ndi chinangwa chenicheni, n'kusankha omwe asunga kulimba kuja, kenako n'kubwerezanso mpaka katatu. Paulendo uliwonse mizu inkanka nikula, ndipo mbande zambirimbiri zinkatayidwa kuti patsale zochepa zokhazo zoyenera. Ntchitoyi idadya zaka pafupifupi 20, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nichols yemweyo ndiye adalemba mu 1950 kuti matenda oola mizu akupezekanso ku Nyasaland, makamaka m'mbali mwa nyanja. Mwatsoka adamwalira pangozi mu 1951, ndipo ntchito idapitirira m'manja mwa Derek Jennings mpaka pomwe idatsekedwa mu 1957.

Panthawiyi n'kuti Storey atalandira kale ulemu waukulu. Mu 1946 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi la ku London lomwe salowa wamba. Likulu la kafukufuku litasamukira ku Muguga, kufupi ndi Nairobi ku Kenya, naye adapita komweko, komwe adagwira ntchito ndi Audrie Howland yofufuza ma gene omwe amateteza chimanga ku chiwawu komanso ku matenda a timizere aja. Adamwalira mu 1969 ali ndi zaka zoposa 70, asadaone ndi maso ake tizilombo ta chinangwa tomwe adalimbana nato. Ka khate kadatsimikizika bwino mu 1983, pomwe ka matenda oola mizu kadadziwika mtundu wake mu 2001.

Wina akadaganiza kuti kutsekedwa kwa ntchito ya ku Amani ndiye kudali kutha kwake. Ayi ndithu. Njere za mtengo wina wa kumeneko, nambala 5318/34, zidatumizidwa ku Ibadan m'dziko la Nigeria, komwe mu 1958 adasankhamo mtengo wotchedwa 58308. Bungwe la IITA litayamba kafukufuku wa chinangwa mu 1971 motsogozedwa ndi Sang Ki Hahn wa ku Korea, mtengo umenewu ndiwo udasanduka kholo la mitundu yambiri yamakono, monga TMS 30572.

Phindu lake lidaoneka poyera m'zaka za m'ma 1990, pomwe khate lamphamvu lidasesa minda ya ku Uganda mpaka alimi ambiri kusiya kulima chinangwa. Mwa mitundu yomwe idadzutsanso ulimiwo mudali TMS 30572 yemweyo, mdzukulu wa mitengo ya ku Amani. Nawo mtengo nambala 46106/27 udasungidwa ndi alimi eni ake. Ku Tanzania amautcha Namikonga, ku Kenya amati Kaleso, ndipo akatswiri akuugwiritsabe ntchito ngati kholo polimbana ndi matenda oola mizu.

Kuno kwathu, akatswiri a ku Chitedze ndi ku Mkondezi m'boma la Nkhata Bay akhala akuyesa mbewu zochokera ku IITA pambali pa zamakolo monga Manyokola ndi Gomani. Maunjili ndi Silira zidabwera m'njira imeneyi, ndipo pambuyo pake padatulukanso mitundu ina monga Sauti ndi Sagonja.

Lero zikudziwika kuti kulimba kochokera ku mtengo wa mpira kumadalira ma gene ambiri ogwirira ntchito pamodzi, ngati chingwe chopotedwa ndi luzi lambiri. Akatswiri amakutcha CMD1. Mu 2002 adalengezanso za chitetezo china, CMD2, chomwe chidapezeka m'chinangwa chamakolo cha alimi a ku West Africa. Ichi chimadalira gene imodzi yokha yamphamvu, kotero n'chosavuta kuchipatsira kwa ana, ndipo mu 2022 akatswiri adaloza gene yeniyeniyo. Komabe chinangwa chokana khate sindiye kuti chakananso kuola kwa mizu. Awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo aliwonse amafuna chitetezo chakechake.

Apa m'pomwe nkhaniyi ikukhudzira alimi a ku Mzimba. M'masiku a Storey ndi Nichols, matenda oola mizu ankavuta m'madera otsika ndi otentha okha, osapitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. M'dziko muno amadziwika kwambiri ku Karonga, Nkhata Bay ndi Nkhotakota. Dera lalikulu la boma la Mzimba lili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndiye mwa nzeru zakalezo likadakhala lotetezeka. Koma kuyambira mu 2004 matendawa adabuka ku Uganda m'madera okwera, n'kufalikira m'maiko oyandikana nawo, ndipo pofika 2018 adali atatsimikizika kumpoto kwa Zambia. Phiri lidasiya kukhala linga.

Choncho mtolo wa mitengo ya chinangwa womwe munthu wapatsidwa ndi achibale kunyanja, n'kuukweza pa lole kupita nawo ku Embangweni, Champhira kapena Khosolo, ungathe kubweretsa chakudya kapena nthenda. Musadadule mbewu, yang'anani masamba a mtengowo, zulaniko umodzi ndi kudula chinangwa chake kuti muone m'kati. Mtengo wodwala m'munda uzulidwe msanga, ndipo alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni komwe kukupezeka mbewu yosadwala ya mitundu yopirira.

Storey ndi anzake adatha zaka 20 akusankha mbande imodziimodzi. Mlimi amangofunika mphindi zochepa zokha kuti asankhe mtengo wabwino asadaunyamule.