Primo Carnera, Cimphona ca ku Sequals

Ku dziko la Italia kuli mudzi wamng'ono, dzina lake Sequals. M'mudzi umenewu munabadwa mwana wamwamuna m'caka ca 1906. Anali mwana woyamba m'banjamo, ndipo anamupatsa dzina loti Primo. Pa cinenero ca kwawo, Primo ndiye kuti woyamba.

Makolo ake anali osauka. Ali mnyamata, Primo anapita ku France kukafuna nchito. Kumeneko anakula, anakulirakulira, mpaka anatalika pafupifupi mamita awiri. Ankalemera kuposa matumba awiri a cimanga a makilo 50! Anthu ankalipira ndalama kuti aone mphamvu zake. Kenako anaphunzira masewera a nkhonya, nawoloka nyanja kupita ku America.

M'caka ca 1933 cinthu comvetsa cisoni cinacitika. Primo anamenyana ndi Ernie Schaaf, ndipo patapita masiku ocepa Schaaf anamwalira. Primo anadandaula kwambiri, pakuti thupi lake linali lalikulu koma mtima wake unali wofatsa.

Pa 29 Juni caka comweco, ku New York, Primo anagonjetsa Jack Sharkey. Anakhala katswiri wa nkhonya wa dziko lonse pakati pa amuna olemera kwambiri. Ku Italia anthu anasangalala.

Caka comweco Primo anaoneka m'filimu pamodzi ndi wankhonya mnzake, Max Baer. M'filimumo nkhonya zawo zinali zongoyerekeza. Koma m'caka ca 1934 awiriwa anakumana zenizeni. Baer anamugwetsa kambirimbiri. Primo ankagwa, n'kudzuka, n'kugwanso, n'kudzukanso, koma mapeto ake anagonja.

Nanga ndalama zake zinapita kuti? Anthu amene ankamuyendetsera nchito ndiwo anadya zambiri. Iye ndiye ankalandira nkhonya, iwo ankalandira ndalama. Primo anabwerera kwawo ali ndi zocepa. Anadwala, ndipo madokotala anamucotsa impso imodzi.

Mu 1939 anakwatira Giuseppina, ndipo anabereka ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Nkhondo yaikulu itatha, Primo anapitanso ku America, nayamba masewera ogwetsana. Anapeza ndalama n'kulera bwino ana ake. Mwana wake wamwamuna anaphunzira mpaka anakhala dokotala.

Anasewera m'mafilimu enanso. Mu filimu ya Mighty Joe Young ya mu 1949, iye ndi amuna anzake amphamvu akukokana cingwe ndi cinyani cacikulu, ndipo cinyanico cikupambana. Mu 1959 anasewera ngati cimphona colimbana ndi Hercules.

Atadwala kwambiri, Primo anafuna kubwerera kumudzi kwawo. Anafika ku Sequals atawonda. Anamwalira komweko pa 29 Juni 1967, tsiku lomwelo limene anagonjetsa Sharkey zaka 34 m'mbuyomo. Nyumba imene anamanga m'mudzimo ikadalipo, ndipo alendo amapita kukaiona.