Joseph Dutton, dotolo amene anaulula chinsinsi cha nkhufi

Nkhufi ndi kachilombo kodziwika bwino m'midzi yathu ya m'malire. Masana kamabisala m'ming'alu ya zipupa ndi ya pansi, usiku nkutuluka kudzayamwa magazi a anthu ali m'tulo. Makolo ankadziwa kale kuti kamadwalitsa. Ngakhale a David Livingstone, amene anafika ku Tete mu 1856, analemba m'buku lawo la mu 1857 kuti Apwitikizi a kumeneko anawauza za malungo obwera munthu akalumidwa ndi nkhufi. Koma amene anaonetsa poyera m'mene matendawa amayendera ndi a Joseph Everett Dutton, ndipo anataya moyo wawo pa ntchito yomweyo.

A Dutton anabadwa mu 1874 m'dera la Cheshire ku England. Anaphunzira udotolo ku Liverpool ndi kumaliza mu 1897. Pambuyo pake analowa m'sukulu yatsopano ya mumzindawo yofufuza matenda a m'maiko otentha, imene inawatumiza ku Nigeria mu 1900. Chaka chotsatira, ali ku Gambia, anazindikira m'magazi a munthu wodwala kachilombo koyambitsa matenda a kaodzera, kamene kamafalitsidwa ndi kashembe.

Mu 1903 ananyamuka ulendo wa ku Congo, dziko limene nthawi imeneyo linali m'manja mwa mfumu Leopold II ya ku Belgium. Anatsagana ndi dotolo mnzawo wa ku Canada, a John Todd. Chakumapeto kwa 1904, ali kum'mawa kwa dzikolo, anakumana ndi anthu ambiri odwala malungo a mtundu wina: thupi limatentha masiku angapo, munthu nkupezako bwino pafupifupi sabata, kenaka malungo nkubweranso.

Atayeza magazi a odwalawo ndi makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, anapeza mabakiteriya ataliatali opotana ngati chingwe. Kuti atsimikize amene akuwanyamula, anatola nkhufi m'nyumba za anthu ndi kuziika pa matupi a anyani kuti ziwalume. Anyaniwo anadwala, ndipo m'magazi mwawo munapezeka mabakiteriya omwe aja. Anaonanso chinthu china choopsa: tiana ta nkhufi tongoswa kumene, tisanalumepo munthu aliyense, tinali nawo kale matendawa, chifukwa amadutsira m'mazira kuchokera kwa make.

Malungo a nkhufiwo anawagwira madotolo onse awiri. A Todd anachira, koma a Dutton anapitiriza ntchito ndi ulendo ali ofooka, mpaka anamwalira ku Kasongo pa 27 Febuluwale 1905 ali ndi zaka 30 zokha. Powakumbukira, akatswiri anatcha bakiteriyayo dzina loti Borrelia duttoni.

Zimene anapeza zili ndi phindu m'mudzi mpaka lero. Nkhufi imayamwa kwa mphindi zochepa nkubwerera m'ng'alu, choncho wolumidwa nthawi zambiri sadziwa. Imatha kukhala zaka osadya kanthu, ndiye nyumba imene yakhala yopanda anthu nthawi yaitali ikhoza kudwalitsabe odzalowamo. Malungo amayamba patapita pafupifupi sabata, pamodzi ndi mutu ndi kuphwanya kwa thupi, ndipo ambiri amayesa ndi malungo a udzudzu. Mankhwala a malungo a udzudzu sapha bakiteriyayu. Amene amachiza ndi ena monga penisilini ndi tetirasaikilini, operekedwa kuchipatala. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, pakuti pathupi pamatha kupita padera.

Si nkhufi yokha imene imanyamula mabakiteriya. Nsabwe za m'zovala zimafalitsa malungo ena obwerezabwereza, pamene nthata za makoswe zimafalitsa mliri wotupitsa mwanabere, monga unagwa ku Mutarara mu 1994.

Choncho kumata ming'alu ya zipupa, kuzira pansi kawirikawiri, kugona pamalo okwera ndi m'masikito, kuchapa zovala ndi kuyanika zofunda pa dzuwa, ndiyo njira yotsekera tizilomboti. Ndipo ngati malungo abweranso munthu atamaliza mankhwala, athamange kuchipatala akayezedwe magazi, osaiwala kuwauza achipatala ngati m'nyumba muli nkhufi.