Dotolo Robert Laws wa ku Khondowe

Robert Laws anabadwa m'chaka cha 1851 ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Atate wake anali mmisiri wa matabwa, ndipo mnyamatayo anagwira ntchito yomweyo usana, nawerenga mabuku usiku, kufikira anakhala mbusa ndi dotolo.

Anafika pa nyanja yathu m'chaka cha 1875 pa sitima yotchedwa Ilala. M'chaka cha 1894 anakwera phiri la Khondowe, namangapo sukulu yaikulu ya Livingstonia. Kumeneko anyamata anaphunzira Chingerezi, masamu, mbiri yakale ndi za maiko. Koma Laws sanalole kuti wogwira cholembera anyoze wogwira sowo. Ena anapala matabwa, ena anasema miyala yomangira, ena anasindikiza mabuku, enanso anaphunzira kutchaya lamya ndi kusamala odwala. Taganizani, ana inu: pamene m'midzi anali kuunikira ndi muuni wa udzu, pa phiripo panayaka magetsi ochokera ku mphamvu ya madzi.

Chimodzi chokha chinamkanika, ndicho koleji ya maphunziro apamwamba, pakuti ndalama zinasowa. Anachoka m'chaka cha 1927, namwalira ku London mu 1934. Yunivesite ya Livingstonia inadzatsegulidwa m'chaka cha 2003.