MBIRI YA DOTOLO DAVID BRUCE

Mwezi uno tifuna kusimbira awerengi athu mbiri ya sing'anga wina wa Cizungu amene anakhala m'dziko lathu lino ngati zaka ziwiri, pa phiri la Kasu, kufupi ndi Mvera m'dziko la Dowa. Dzina lace ndiye David Bruce. M'midzi mwathu ngowerengeka amene adamumva, koma asing'anga a maiko onse amchula kufikira lero, pakuti tizirombo ta mitundu iwiri tichedwa ndi dzina lace: tina tilowa m'thupi la munthu ndi mkaka, tina tilowa m'mwazi wa ng'ombe ndi kashembe. Nchito ya moyo wace wonse inali kulondola kumene nthenda ibisala, ndi njira imene iyendamo kufikira itampeza munthu.

Anabadwa pa 29 May 1855 ku Melbourne, m'dziko la Australia, kumene atate wace, munthu wa ku Scotland wodziwa za makina, anapita m'masiku aja anthu analikuthamangira golidi. Mwanayo ali ndi zaka 5 makolo ace anabwerera kwao, nakhala m'mudzi wa Stirling. Sanali mnyamata wokonda kukhalira buku. Pofika zaka 14 analeka sukulu nakalowa nchito m'nyumba ya malonda ku Manchester, mtima wace uli pa mpira. Cimene cinamtembenuza ndico cibayo cimene cinamgwira ali ndi zaka 17. Atacira anabwerera ku maphunziro, nalowa sukulu yaikuru ya Edinburgh mu 1876, natsiriza using'anga mu 1881.

Anayamba nchito pothandiza sing'anga wina ku Reigate, ndipo komweko anapeza Mary Elizabeth Steele, mwana wa sing'anga, namkwatira mu 1883. Awiriwa sanaone mwana. Koma kuyambira tsiku limenelo panalibe ulendo umene mwamuna anayenda mkazi natsala. Ndipo maiyo anaphunzira nchito ya galasi lokuza zinthu, kupaka mwazi mankhwala kuti tizirombo tioneke, ndi kutijambula pa pepala, kotero kuti pa zinthu izi manja ace anaposa a mwamuna wace. Caka comweco Bruce analowa using'anga wa asilikari a Angerezi, ndipo mu 1884 anatumidwa ku cisumbu ca Malta.

Cisumbu cimeneci owerenga Buku la Macitidwe acidziwa ndi dzina la Melita, kumene Paulo anapulumukira itasweka ngalawa. M'masiku a Bruce panali asilikari ndi amalinyero ambiri a Angerezi, ndipo caka ndi caka mazana a iwo anagwa ndi nthenda yozizwitsa. Munthu amatentha thupi madzulo, nacita thukuta lonyowetsa zopfunda usiku, mfundo za m'thupi zili kuphwanya. Patapita milungu iwiri kapena itatu kutentha kumatsika, mwini wace nayesa kuti wacira. Koma kumabweranso, ndi kubweranso, kufikira munthuyo ataonda ndi kutha mphamvu. Akufa nayo sanali ambiri, koma wodwala amagona m'cipatala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ambiri anabwezedwa kwao osakhozanso nchito. Mankhwala a malungo sanaikhudza konse. Ena anati icokera ku mpweya woipa wa pa doko, ena anati ku ngalande za zonyansa.

Bruce anagula galasi lokuza zinthu ndi ndalama zace, nayamba kupenya m'ziwalo za asilikari akufa ndi nthendayo. Kumapeto kwa 1886 anaona m'kapamba wa mmodzi wa iwo tinthu tating'onoting'ono toburungira, ta mtundu uja asing'anga acha mabakiteriya. Koma kuona kokha sikukwanira, popeza m'thupi la wakufa mupezeka tizirombo tambiri tosalakwa kanthu. Kunafunika kutipatula tokha, kutilera m'timabotolo pa cakudya conga phala loundana, ndi kuonetsa kuti nditomwe tidwalitsa. Ici cinacitika mu 1887, ndi cithandizo ca mkazi wace ndi ca sing'anga wa ku Malta komweko, Giuseppe Caruana Scicluna, amene anadziwa kukonza cakudya ca tiziromboto. Tomera m'timabotolo tija anatibaya mwa apusi, apusiwo nadwala monga anthu, ndipo mwa amene anafa anapezanso tizirombo tomwe tija. Pambuyo pace anatipatsa dzina lotengera ku Melita, Micrococcus melitensis.

Tsono mungayese kuti nthenda inatha pomwepo. Iai. Mdani anadziwika nkhope, koma khomo lolowera silinadziwika, ndipo asilikari anadwalabe monga kale zaka zina 18. Nkhani ya Malta tiyambe taisiya pamenepa, monga anaisiya Bruce mwini, titsate kumene anapita.

Ataphunzirako ku Berlin pamodzi ndi mkazi wace m'nyumba ya nchito ya Robert Koch, ndi kuphunzitsa asing'anga a nkhondo ku Netley, anatumidwa ku Natal mu 1894. Ng'ombe za Azulu zinalikutha ndi nthenda yochedwa nagana, ndipo Bwanamkubwa wa Natal anamtuma kukaifufuza. Iye ndi mkazi wace anayenda pa gareta wa ng'ombe kufikira phiri la Ubombo, nakhala m'nyumba yaphaso. M'mwazi wa ng'ombe zodwala anapeza kacirombo kotalika kosambira ngati kansomba, ka mtundu wina, kosakhala ka mabakiteriya aja. Apa sanalekere pa kuona. Anatsikira ndi akavalo ku cigwa ca kashembe, nawaletsa kudya msipu ndi kumwa madzi a kumeneko, nabwera nao tsiku lomwelo, akavalowo anadwala. Anagwiranso kashembe ku cigwa, nakwera nazo pa phiri kuti zilume akavalo osatsikako ndi kale lonse, iwonso anadwala. Potsiriza anabaya agaru mwazi wa nyama za m'thengo zooneka zamphamvu ndi zonenepa, ndipo agaru ena anatenga nthendayo. Potero kunadziwika kuti nyama isunga kacirombo yosadwala nako, kashembe nikanyamula kunka nako ku ng'ombe. Mu 1899 kaciromboko kanachedwa Trypanosoma brucei.

Nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu inawatsekera m'mudzi wa Ladysmith miyezi inai, mwamuna alikucita opareshoni, mkazi alikumthandiza. Pa nchito imeneyo maiyo analandira mendulo ya Royal Red Cross. Mu 1903 anali ku Uganda, kumene nthenda ya tulo inapha anthu oposa 200,000 m'zaka zimenezo, ndipo gulu la Bruce linaonetsa kuti iyonso iyenda ndi mtundu wina wa kashembe.

Mu 1904 Boma la Angerezi linaika gulu la asing'anga kufufuzanso nthenda ya ku Malta, Bruce nakhala mkuru wao, ngakhale nthawi zambiri anali ku London. Anayesa mpweya, pfumbi, madzi a pa doko, udzudzu, osapeza kanthu. Amene anapeza khomo ndiye sing'anga wa ku Malta, Themistocles Zammit. Mu June 1905 anayesa mwazi wa mbuzi 6, napeza kuti 5 zinali ndi cizindikilo ca nthendayo. Posacedwa tizirombo tinapezeka mu mkaka mwao. Ndipo mbuzizo zinali zosalala ubweya, zakudya bwino, zotulutsa mkaka wocuruka.

Tiime pang'ono apa, pakuti mtima wa nkhani ndi uwu. Ku Malta mbuzi zimayenda m'makwalala m'mawa uli wonse, mbusa naikama pa khomo la wogula, wogulayo alikupenya. Anthu anayesa kuti palibe mkaka wokhulupirika woposa umenewo: wofunda, wosathiridwa madzi, wosagona. Sanaona cifukwa ca kuuwiritsa. M'zipatala za asilikari wodwala nthenda iri yonse amapatsidwa mkaka wa mbuzi kuti aone mphamvu, kotero kuti wolowa ndi mwendo wothyoka amatenga nthenda m'cikho cimene anamtumikira naco mwa cifundo. Caka comweco sitima yochedwa Joshua Nicholson inanyamula mbuzi za ku Malta zonka ku America. Amalinyero anamwa mkaka wao panjira, ndipo ambiri anadwala. Mu 1906 asilikari analetsedwa mkaka wa mbuzi napatsidwa wa m'zitini, ndipo odwala, amene anali mazana, anatsala owerengeka pa zala caka cotsatira. Koma eni dziko sanabvomereza msanga. Abusa anakwiya, popeza malonda ao anali pomwepo. Anthu anati makolo ao anamwa mkaka womwewo cikhalire. Anadwalabe zaka zambiri, ndipo kutenthetsa mkaka wa malonda m'makina kunayamba pa cisumbuco mu 1938.

Tinene poyera kuti ulemu wa nchito imeneyi sunagawidwa molungama. Bruce anali munthu wa mau okakala, wosapirira anzace, ndi wosafulumira kuchula amene anamthandiza, kupatula mkazi wace. Dzina la Mngerezi linakwera, maina a Caruana Scicluna ndi Zammit natsalira m'mbuyo, ngakhale popanda woyambayo tizirombo tikadabvuta kumera, ndi popanda waciwiriyo mbuzi sizikadadziwika caka cimeneco.

Nkhaniyi siili ya mbuzi za ku Malta zokha. Mu 1897 sing'anga wa zoweta wa ku Denmark, Bernhard Bang, anapeza tizirombo topolozetsa ng'ombe, ndipo mu 1918 mai wina wa ku America, Alice Evans, anaonetsa kuti timeneti ndi ta Bruce tili pa cibale ceniceni, nacenjeza kuti mkaka wa ng'ombe wosaphika ukhozanso kudwalitsa anthu. Mu 1920 banja lonse la tiziromboti linachedwa Brucella. M'dziko lathu lino ofufuza atipeza mwa zina za ng'ombe za mkaka. Tsono abale amene mupalasa njinga m'bandakuca kukagulitsa mkaka wa m'mabotolo ku Area 36, ku Biwi kapena ku Kawale, ndi inu amai amene muugula pa khomo, dziwani kuti diso silitha kuzindikira mkaka wotere, ngakhale mphuno, ngakhale lilime. Cotha tiziromboti ndi moto. Mkaka uwire kufikira utakwera mu mphika usanalowe m'kamwa mwa mwana. Wofuna cambiko ayambe wauwiritsa, popeza kusasa sikutha tizirombo tonse. Ng'ombe kapena mbuzi ikapoloza, mwana wakufayo ndi zonse zoturuka naye zisagwidwe ndi manja opanda kanthu, ndipo zikwiriridwe mozama agaru asanazipeze, pakuti m'menemo tizirombo ticuruka koposa mu mkaka. Ndipo wotentha thupi kobwerezabwereza, amene ku cipatala amuyesa malungo osawapeza, auze sing'anga ngati akama kapena amamwa mkaka wosaphika. Mankhwala alipo, koma amwedwa milungu 6, osalekeza.

Mu 1908 Mfumu ya Angerezi inamkweza Bruce kukhala Sir David. Atacita ulendo wina ku Uganda, anasankhidwa mu 1911 kutsogolera gulu la Royal Society lodzafufuza nthenda ya tulo m'dziko la Nyasaland, imene makolo athu anaicha kaodzera. Inali itaoneka ku cigwa ca kunyanja, ca ku Domira Bay, ndipo inali yofulumira kupha koposa ya ku Uganda. Gululo linamanga misasa pa Kasu mu 1912, pamwamba posafika kashembe koma poyandikana ndi cigwaco, monga momwe Bruce anacitira ku Ubombo. Anali ndi Major Harvey, Major Hamerton, Dotolo Davey ndi Dona Bruce. Anayesa mwazi wa anthu, wa mbuzi, wa ng'ombe za ku Mvera ndi wa nyama za m'thengo, natumbula kashembe zosawerengeka. Anthu a kuno amene anagwira kashembezo, kusenza katundu ndi kusunga nyama zoyesera, mbiri siisimba za iwo monga isimba za Azungu. Koma nchito yolowa m'chire la kashembe inali yao.

Cimene Bruce anapeza cinali conga ca ku Ubombo: nyama zambiri za m'cigwa, monga nakodzwe, mphoyo ndi ngondo, zinali ndi tizirombo m'mwazi zosaoneka kudwala. Iye anatsimikiza kuti kacirombo ka kaodzera ndi ka nagana ndi kamodzi, nalangiza Boma kuti nyama za m'dziko la kashembe ziphedwe. Pa ici anakangana naye ambiri, ndipo anzeru a pambuyo pace anaonetsa kuti analasa pambali pang'ono: tiziromboti tifanana maonekedwe ndipo tili pa cibale, koma ta nagana sitikhala moyo m'mwazi wa munthu. Kuti nyama zisunga kaodzera, pamenepo ananena zoona, ndipo nthendayo ipezekabe m'midzi yoyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza.

Anacoka kuno mu 1914. Pa nkhondo yaikuru ya Ajeremani anayang'anira sukulu ya asing'anga a nkhondo ku London, natsogolera kufufuza kwa kafumbata wopha asilikari olasidwa. Anapuma nchito mu 1919. Dona Bruce anamwalira pa 23 November 1931, mwamuna wace ali gone ndi nthenda ya khansa. Asanatsirizike anapempha kuti ali yense wodzalemba za nchito yace achule mokwanira gawo la mkazi wace. Anamwalira pa 27 November, tsiku la maliro a maiyo, ali ndi zaka 76. Phulusa la awiriwo linaikidwa m'manda amodzi ku Stirling.