Kiyoo Wadati ndi Zivomezi Zochokera Pansi Penipeni

Dziko la Japan ndi la zilumba, ndipo nthaka yake imagwedezeka kawirikawiri. Kiyoo Wadati anabadwira kumeneko, mumzinda wa Nagoya, m'chaka cha 1902. Pa 1 Sepitembala 1923, iye ali wophunzira pa yunivesite ya ku Tokyo, chivomezi choopsa chinagwetsa nyumba mumzindawo, moto unabuka, ndipo anthu opitirira 100,000 anafa. Patapita zaka ziwiri, Wadati anatsiriza maphunziro ake a sayansi n'kuyamba ntchito ku ofesi yaikulu yoona za nyengo, imene inkasunganso zolembedwa ndi makina oyezera zivomezi.

M'masiku amenewo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti zivomezi zonse zimayambira kufupi ndi pamwamba pa nthaka. Maganizo awo anali omveka ndithu. Pansi kwambiri n'potentha, ndipo miyala ya kumeneko imapanikizika mpaka kufewa. Chinthu chofewa chimangopindika, sichithyoka mwadzidzidzi n'kugwedeza dziko. Mngelezi wina, H. H. Turner, ananenapo mu 1922 kuti zivomezi zina zimachokera pansi kwambiri, koma umboni wake sunawagwire mtima anzake.

Wadati anapeza umboni wosatsutsika. Chivomezi chimatumiza mafunde m'nthaka, ena othamanga kwambiri, ena otsalira m'mbuyo. Zili ngati mphezi: munthu amayamba waona kung'anima, kenako amamva kugunda, ndipo kugundako kukachedwa ndiye kuti mpheziyo ili kutali. Mafunde a chivomezi nawo amatero. Chikayambira pafupi, mitundu iwiriyi imafika motsatana kwambiri. Chikayambira kutali, mpata wake umakula.

Pounika zolembedwa zochokera m'madera ambiri a Japan, Wadati anaona chodabwitsa. Pa zivomezi zina, ngakhale makina amene anali pamwamba penipeni pa chivomezicho ankasonyeza mpata waukulu. Chivomezicho chinali kutali, koma osati kumpoto, kummwera, kummawa kapena kumadzulo. Chinali kutali chakunsi. Mu 1928 iye anafalitsa zimene anapeza, kusonyeza kuti zivomezi zina zimayambira pansi pa mtunda wa makilomita opitirira 300.

Sanalekere pomwepo. Anapitiriza kulemba pamapu malo ndi kuya kwa zivomezi, chimodzichimodzi, ntchito yofuna kuleza mtima popeza makompyuta kunalibe. Mu 1935 anasonyeza kuti zivomezizo sizimwazikana mwachisawawa. Kummawa kwa Japan, pansi pa nyanja ya Pacific, zimayambira pafupi ndi pamwamba, koma kulowera kumadzulo zimanka ziyambira pansi, ngati zandandalika pa thabwa lopendekeka. Patapita zaka, Hugo Benioff wa ku America anapeza zofanana ndi zimenezi m'madera ena ozungulira nyanja yomweyo. N'chifukwa chake malo otere amatchedwa ndi maina a anthu awiriwa, Wadati ndi Benioff.

Kodi thabwa limeneli linali chiyani? Yankho linadza m'zaka za m'ma 1960. Pamwamba pa dziko lapansi pali ngati chigoba cha dzira chong'aluka, ndipo zibenthu zake zikuluzikulu zimayenda pang'onopang'ono. Chibenthu cha pansi pa nyanja ya Pacific chimasendera ku Japan masentimita osapitirira khumi pachaka, ndipo chikafika chimapindika n'kumira pansi pa zilumbazo. Popeza n'chozizira ndiponso cholimba, chimathyokathyokabe ngakhale chafika kuya kwa makilomita pafupifupi 700.

Kupitirira pamenepo zivomezi zimaleka, koma zibenthuzo sizitha. Mafunde amathamanga kwambiri m'miyala yozizira kusiyana ndi m'miyala yotentha. Choncho akatswiri amasonkhanitsa nthawi imene mafunde a zivomezi zikwizikwi anafikira m'maiko osiyanasiyana, n'kujambula chithunzi cha m'kati mwa dziko, monga momwe achipatala amaunikira m'thupi popanda kung'amba. Mwa njira imeneyi anaona kuti chibenthu chomira ku Japan chija chagona chopingasa pansi pa dziko la China. Pansi pa North America anapezanso zotsalira za chibenthu chakale chotchedwa Farallon, kuya kwake makilomita opitirira 1,000.

Wadati anakhala ndi moyo mpaka kuona chiyambi cha zithunzi zimenezi. Anatsogolera bungwe loona za nyengo la dziko lake kuyambira mu 1956 mpaka mu 1963. Charles Richter, amene anakonza muyeso wotchuka wa kukula kwa zivomezi, anathandizidwa ndi zimene Wadati analemba mu 1931. Wadati anamwalira pa 5 Januwale 1995, ali ndi zaka 92. Patangopita masiku khumi ndi awiri, chivomezi china chachikulu chinasakaza mzinda wa Kobe.